Shafuti yakutsogolo ya giyabokosi ikugwedera, titsegule kapena tibwezere?

Bambo a Chisomo: Mwaswera bwanji akuluakulu nonse. Ndithandizeni nzeru. Toyota Land Cruiser yanga ija, 79 ya injini ya 1HZ, tatsitsa giyabokosi m'mawa uno kuti tisinthe kilatchi. Inayamba kuterereka sabata yatha pokwera mapiri a Golomoti nditanyamula chimanga. Ndiye mnyamata amene akundithandiza wagwira shafuti yakutsogolo ija, imene imalowa mu kilatchi, n'kuigwedeza. Ikugwedera ndithu, mmwamba ndi pansi, uku ndi uku. Iye akuti bokosi latha, titsegule lonse. Ine m'thumba ndinakonzekera za kilatchi zokha. Zimatero kapena ndalowa m'mavuto?

Mavuto wa Vigo: Latha limenelo bwana. Yambani kuwerenga mbuzi m'khola.

Madala Mbewe: A Mavuto musawaopseze anzanu dzuwa lisanalowe. Bambo a Chisomo, musamasule bawuti ina iliyonse kaye. Galimoto ndi ya chaka chanji? Musanatsitse bokosi inkalira? Giya inkathawa yokha? Nanga mkati mwa bellhousing, chigoba chimene chimakuta kilatchi, mwapezamo oyilo, kapena fumbi louma la kilatchi basi?

Bambo a Chisomo: Ya 2004 madala. Giya sinathawepo ngakhale kamodzi. Mkati muli fumbi lakuda louma, koma pansi pa chivundikiro chimene shafuti imatulukira pali kachinyezi pang'ono, kosadontha. Kulira kunalipo, koma kunkamveka ndikaponda kilatchi mpaka pansi galimoto ili chiimire. Ndikachotsa phazi, zii. Chinanso, m'mawa giya wani ndi rivesi zinkavuta kulowa, mpaka kukukuta.

Madala Mbewe: Eya, mwanena zambiri osadziwa. Ya 2004 ndiye kuti bokosi lanu ndi la mtundu wa R151F. Ma Cruiser 75 akale aja anali ndi bokosi la H55F, koma kuyambira 1999 pamene 78 ndi 79 zinabwera, za 1HZ anayamba kuikamo R151F, banja limodzi ndi limene lili mu Toyota Hilux Vigo ya a Mavuto. Tsono mvetserani. Shafuti imeneyo ikakhala pagalimoto imagwiridwa malo atatu. Pakati pali beringi yaikulu ya mipira imene ili pakhomo pa bokosi. Kumbuyo kwake shafuti ili ndi dzenje, m'menemo mumalowa mutu wa mainshaft, shafuti yaikulu ya m'bokosi, pa timaberingi tonga singano. Ndipo nsonga yakutsogolo imakakhala mu pilot beringi, kaberingi kakang'ono kali kumapeto kwa crankshaft, shafuti yaikulu ya injini, pakati pa flywheel, chimbale chachitsulo chimene kilatchi imamangidwapo. Inu mwatsitsa bokosi, ndiye kuti nsonga yasiyana ndi mnzake woigwira. Zili ngati phaso limene mwalikhomera mbali imodzi yokha, mukagwira mbali inayo lilephera bwanji kugwedera? Mnyamata wanuyo waona zoona, koma wathamangira kuweruza mlandu mboni zisanafike.

Che Saidi: Ine pamenepo ndikana madala. Zaka zonse ndakonza ma Land Rover kuno ku Mangochi, shafuti ikagwedera m'manja mwanga bokosi limenelo sindibwezera pagalimoto. Ndinabwezerapo kamodzi mwini wake atandikakamiza, anabwerera pasanathe mwezi giya folo ikuthawa.

Kondwani wa ku Joni: Che Saidi simukunama, koma mukunena za nyama ina. Ine kuno ntchito yanga ndi mabokosi okhaokha, tsiku ndi tsiku. Pa mabokosi a LT77 ndi R380 a Land Rover shafuti yakutsogolo imakhala pa taper roller, beringi ya matayala opendekeka aja. Imeneyo imamangidwa ndi ma shim, tizitsulo topyapyala tochepetsera mpata, ndipo pa R380 mpata wololedwa wolowa ndi kutuluka ndi 0.01 mpaka 0.06 mm. Tsitsi la munthu limanenepa kuposa pamenepo nthawi zambiri. Ndiye taper ikayamba kugwedera moti dzanja likumva bwinobwino, ndiye kuti yadyeka kapena anaika shim yolakwika. Koma beringi ya mipira ya Toyota anaipanga ndi kampata mkati mwake kuchokera ku fakitale, kuti ikatentha isagwirane. Kampata kameneko pa beringi penipeni simungakaone ndi maso. Koma shafuti yatalika kutuluka kunja, ndiye kakafika kunsonga kamakhala katakula. Gwirani khasu pafupi ndi mutu mulisunthe pang'ono, muone mmene kumapeto kwa mpini kuyendera.

Che Saidi: Chabwino, ndamva. Koma ndiye mutiuze nambala. Mamilimita angati kunsonga ndiye tinene kuti zili bwino? Chifukwa "pang'ono" wa inu si "pang'ono" wa ine.

Kondwani wa ku Joni: M'mabuku a Toyota amene timagwiritsa ntchito mulibe nambala ya kugwedera kwa kunsonga bokosi lili pansi. Chimene buku limalamula ndi cha kulowa ndi kutuluka. Pali circlip, kamphete kachitsulo kamene kamatseka beringi pa shafuti, ndipo ma circlip amenewa amabwera onenepa mosiyanasiyana, iwe umasankha imene isiye mpata wochepetsetsa. Za kunsonga ndi za m'manja mwa amisiri. Ine pa benchi yanga, bokosi la beringi ya mipira likamasuntha milimita imodzi kunsonga, likuzungulira mosalala, sindidandaula. Likafika mamilimita awiri kapena atatu ndipo likugogoda, ndimatsegula. Koma musandigwire mawu ngati lamulo, ndi mmene ine ndimaonera.

Madala Mbewe: Ndipo vuto la anyamata ambiri amagwedeza njira imodzi yokha n'kufuula. Kugwedera kulipo kwa mitundu itatu ndipo sikufanana kulemera kwake. Kwa m'mbali ndi kumene takambaku. Kwa kupotoza, mukaika giya n'kumapotoza shafuti uku ndi uku, mumamva kampata mano asanagwirane, kumeneko n'kwachibadwa, magiya opanda mpata angadyane okha. Koopsa n'kokoka. Bambo a Chisomo, gwirani shafuti ndi manja awiri, ikokereni kwa inu ngati mukuzula chinangwa, kenako ikankhireni mkati. Mukamva kuti gwe gwe, kapena mukaona ndi maso ikutuluka n'kulowa, bwerani mudzatiuze tilire limodzi.

Bambo a Chisomo: Ndakoka madala, mpaka bokosi kusuntha pa matabwa. Palibe chimene ndikumva. Mnyamata nayenso wayesa, akuti mwina pang'ono penipeni koma sakutsimikiza.

Nachisale: Pepani ndilowererepo abambo. Nonse mukugwedeza chitsulo koma palibe wafunsa za oyilo. Bambo a Chisomo, oyilo wa m'bokosi mwamutaya kale? Ngati simunataye, khuthulirani m'beseni loyera, osati m'chigubu chakale cha oyilo wa injini, mupite nalo padzuwa. Pulagi yapansi ili ndi maginito. Mukapeza phala lotuwa losalala ngati mwaye wonyowa, musadandaule, bokosi lililonse limatero. Mukapeza tizidutswa tonyezimira tobaya chala, imeneyo ndi beringi kapena dzino la giya likusweka. Tonyezimira tachikasu ngati golide ndi ma synchro, timphete tothandiza giya kulowa mosakukuta, chifukwa ndi a brass. Ndipo oyilo akaoneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti munamwa madzi. Ine ndimayang'anira magalimoto asanu a kuntchito kwathu amene amayenda m'midzi, ndipo nyengo ya mvula ikatha chinthu choyamba ndimatsegulitsa mapulagi onse. Bokosi lotentha likalowa mumtsinje limazizira mwadzidzidzi n'kukoka madzi kudzera pa breather, kabowo kopumira bokosi, kapena pa seal yotopa, mphira yotchinga oyilo ija. Madzi amenewo akagona miyezi iwiri, beringi imachita timaenje ta dzimbiri, ndiye kulira kumayambira pamenepo.

Mavuto wa Vigo: Achemwali mwandikumbutsa, yanga ndinawolotsa nayo madzi ofika m'zitseko mwezi wa February ndipo sindinatsegulepo chilichonse.

Nachisale: Ndiye m'malo moseka anzanu kagwadeni pansi pa galimoto yanu.

Bambo a Chisomo: Oyilo tinamusunga m'ndowa chifukwa ndinkafuna kumubwezera. Ndamuona padzuwa, ndi wakuda koma si wamkaka. Pa maginito pali phala lija mwanena, ndapaka pakati pa zala, palibe chobaya.

Madala Mbewe: Kumubwezera ayi, chonde. Mwagula kilatchi yathunthu, malita atatu a 75W-90 akukanikani? Tsono tibwerere ku kulira kuja, chifukwa khutu limanena zoona kuposa dzanja. Galimoto ili pa nyutulo, injini ikulira, phazi lili pambali: shafuti yakutsogolo ikuzungulira limodzi ndi injini. Mukamva kulira kwa mkokomo pamenepo, n'kuponda kilatchi kulirako n'kuzimiririka pang'onopang'ono, ndiye kuti ndi beringi ya m'bokosi, chifukwa mwaiimitsa. Kulira kukayamba mutangogusa pedulo, phazi lisanapite patali, ndi release beringi, imene imakankha kilatchi mukaponda pedulo. Koma kukamveka phazi lili pansi penipeni, giya ili mkati, galimoto ili chiimire, pamenepo injini ikuzungulira koma shafuti yaima, ndipo chimene chikugwira ntchito pakati pa ziwirizi ndi pilot yokha. Inu mwanena kuti mukachotsa phazi kumati zii. Mwanenanso kuti wani ndi rivesi zimakukuta m'mawa. Pilot ikauma imagwira nsonga ya shafuti n'kumaizunguza ngakhale mwaponda kilatchi, ndiye giya ilowa bwanji? Ine ndikubetcha kuti wakuba wanu ali pa flywheel, osati m'bokosi. Pisani chala pakati pa flywheel muzunguze kaberingi kaja.

Bambo a Chisomo: Madala inu ndinu mfiti. Sikakuzungulira bwino, kakuchita kugwiragwira ngati muli mchenga, ndipo chivundikiro chake chatuluka, mipira ikuoneka youma gwa. Mnyamata akuti sanakayang'ane chifukwa m'bokosi la kilatchi limene ndinagula munalibe katsopano.

Kondwani wa ku Joni: Imeneyo ndiye nthenda ya kwathu. Ma kit ambiri amabwera ndi zinthu zitatu, plate, pressure plate ndi release beringi, ndiye pilot imakhala pomwepo mpaka makilatchi atatu kudutsa. Kanthu kotchipa kuposa zonse, koma kakafa kamasiya nsonga ya shafuti ikuvina, ndipo katundu yense amagwera beringi yaikulu ndi seal. Kachinyezi mwanena kaja mwina n'chiyambi cha zimenezo. Yang'ananinso nsonga ya shafuti pamene pilot imakhala. Pakhale posalala. Ngati pachita mzere woti chikhadabo chikukodwa, kapena pasanduka buluu chifukwa cha kutentha, katsopano kakakhalanso kogwedera. Mukagula katsopano kayeseni kaye pa nsongapo musanakakhomere mu crankshaft, kalowe mokakamira pang'ono, osati kungoti phwa.

Che Saidi: Ine ndikadali ndi mawu. Bokosi lili pansi kale. Kutsitsa bokosi la Cruiser limodzi ndi transfer, kabokosi kogawira mphamvu ku matayala onse anayi, si masewera, anthu atatu thukuta kamukamu. Galimoto ya 2004, makilomita ake sitinafunse n'komwe. Bwanji osangosinthiratu beringi yakutsogoloyo mtima ukhale m'malo? Mukabwezera n'kuyamba kulira mwezi wa mawa mulipira kawiri.

Kondwani wa ku Joni: Pa R151F beringi imeneyo siituluka ngati dzino logwedera Che Saidi. Inakanikizidwa pa shafuti ndi press, ndipo kuti shafuti ituluke muyenera kuvula bokosi, magiya onse n'kukhala poyera pa plate yapakati ya bokosilo. Mukafika pamenepo simungasinthe imodzi n'kusiya zinzake zakale, mugula maberingi onse, ma seal, mwina ndi ma synchro. Ndipo ntchito imeneyo ikufuna malo oyera ndi munthu wodziwa kusankha ma circlip. Bambo a Chisomo ali pansi pa mtengo ku Dedza, mphepo ikuuluza fumbi. Bokosi labwino likhoza kutsegulidwa n'kutsekedwa litaipa.

Nachisale: Zimenezo zinatichitikira. Galimoto imodzi ya kuntchito inapita kukasintha kilatchi, amakaniko anati shafuti ikugwedera, tinavomera kuti atsegule. Maberingi anakagula pa sitolo ina m'tauni, makatoni ake olembedwa bwino dzina la kampani yodziwika, koma mkati munali zabodza. Bokosi limene linali chete zaka zonse linayamba kulira ngati chigayo patangotha miyezi itatu. Titatsegulanso, akale aja amene tinataya anali abwino kuposa atsopanowo. Kuyambira pamenepo ndimafuna ndione chifukwa chenicheni ndisanasaine pepala lotsegulitsa bokosi. Maberingi enieni a Koyo, NSK kapena Nachi amakhala zaka, koma kuwapeza enieniwo ndiye nkhani.

Che Saidi: Apo ndiye mwandigwira pakamwa achemwali, zabodzazo nanenso zinandipweteka. Koma ayeze ndi geji, asangokhulupirira manja.

Bambo a Chisomo: Ndatumiza mwana panjinga kwa mnzanga wina amene ali ndi lathe, makina osemera zitsulo, wabwera ndi dial gauge, geji ya singano yoyezera kusuntha, ya maginito pansi. Ndiuzeni poika.

Kondwani wa ku Joni: Maginito sagwira pa aluminiyamu, ndiye mangani kachitsulo kafulati pa bawuti imodzi ya bellhousing muikepo geji. Poyamba lozetsani singano kumaso kwa nsonga, molunjika ndi shafuti, mukoke n'kukankha. Kenako iikeni pambali pa nsonga, pamalo osalala paja, mukweze n'kutsitsa ndi zala, osati ndi chitsulo. Mukatha, ikani nyutulo muzunguze shafuti pang'onopang'ono uku mukuikankhira mbali imodzi, khutu lili pafupi.

Bambo a Chisomo: Kukoka ndi kukankha singano ikuyenda mizere isanu, mnzangayu akuti ndi 0.05 mm. Mmwamba ndi pansi ikufika 0.8, nthawi zina 0.9. Pozunguza sindikumva kukhakhala kulikonse, ikungoyenda myaa. Nsonga ili ndi kamzere kofiirira koma chikhadabo sichikukodwa.

Madala Mbewe: Bwezerani bokosi limenelo, mbuzi zanu zigone mwamtendere. Koma poti lili pansi, chitani izi. Masulani chivundikiro chakutsogolo musinthe seal, chifukwa oyilo akangofika pa plate yatsopano ya kilatchi mwataya ndalama. Mukatsegula muona nkhope ya beringi ndi maso anu, muunike ndi tochi, mipira ikhale yonyezimira ndipo khola lake likhale lathunthu. Pobwezera pakani sealant pa chivundikiro ndi pa mano a mabawuti ake. Kamzere ka kunsongako pukutani ndi sandpaper yosalala kwambiri, pang'ono chabe.

Mavuto wa Vigo: Nanga ka pilot kakufako akachotsa bwanji opanda puller? Ine ndinaona wina akudzaza girizi m'dzenje n'kumenya ndi bawuti.

Madala Mbewe: Girizi amagwira pa bush ya mkuwa ngati ya ma Land Rover a Che Saidi. Pa beringi ya mipira yoti chivundikiro chatuluka, girizi amangothawira pakati pa mipira n'kukuthirani kumaso. Tengani buledi wofewa kapena mapepala onyowa, kanyani, dzazani m'dzenje, pezani chitsulo chokwana bwino pabowo, menyani ndi hamala, onjezerani, menyaninso. Kamatuluka kokha pang'onopang'ono.

Mavuto wa Vigo: Buledi wake pa mtengo wa masiku anowu? Nsima ya dzulo singagwire?

Madala Mbewe: Mkute sindinayesepo, yesani pa Vigo yanu mudzatiuze.

Kondwani wa ku Joni: Chinthu china musanakweze. Kumbuyo kwa injini, pamene bellhousing imakhala, pamayenera kukhala ma dowel awiri, timisomali tonenepa timene timalunjikitsa bokosi ndi crankshaft. Mabawuti ntchito yawo ndi kumanga basi, kulunjikitsa ndi ma dowel. Imodzi ikasowa bokosi limakhala mopendekeka pang'ono moti maso sangaone, koma pilot imafa msanga, ndipo pakapita nthawi giya folo imayamba kuthawa. Folo ndi imene imamanga shafuti yakutsogolo ndi mainshaft kukhala chinthu chimodzi, ndiye ziwirizi zikapanda kulunjikana ndi iyo imayamba kudandaula. N'chifukwa chakenso bokosi la maberingi otha limalira m'magiya ena onse koma mukaika folo limachepetsa, katundu sakudutsanso pa countershaft, shafuti ina ya magiya m'bokosimo.

Bambo a Chisomo: A Kondwani, dowel ilipo imodzi yokha. Mbali inayo pali bowo lodzaza dothi. Amene anasintha kilatchi ndisanagule galimotoyi ayenera kuti anaitaya.

Kondwani wa ku Joni: Ndiye mwapeza amene anapha pilot. Mnzanu wa lathe uja akupangireni ina, ayeze ili apoyo. Musakweze bokosi popanda imeneyo.

Che Saidi: Ndipo pokweza musakoke bokosi ndi mabawuti. Likakana kufika, ndiye kuti mano a shafuti sanalowe mu plate kapena nsonga sinapeze pilot. Ikani giya, wina azunguze flange yakumbuyo pang'ono, lilowa lokha. Musalisiyenso likulendewera pa plate jeke mutachotsa, plate imapindika pakati ndipo mudzati munagula yabodza.

Madala Mbewe: Girizi pa mano a shafuti pakani wochepa ngati mukudzola mafuta a mnzanu. Wochuluka amauluka n'kukagwera pa plate.

Nachisale: Bambo a Chisomo, poti bokosi lapulumuka, mulisamale pa giya faifi. R151F pa Cruiser yodzaza katundu siikonda kukwera phiri kapena kukoka ngolo ili mu faifi injini ikulira pansi. Madalaivala athu ndimawauza kuti katundu akalemera akhale mu folo, dizilo wowonjezerayo n'ngotchipa kuposa bokosi.

Bambo a Chisomo: Zimenezo ndine wolakwa achemwali, msewu wa Dedza kupita ku Lilongwe ndimangoika faifi n'kuiwala, matumba ali mpaka pamwamba.

Bambo a Chisomo: Akuluakulu ndabweranso, papita masiku asanu ndi limodzi. Tinachita zonse. Buledi anagwira, theka la lofu linathera momwemo ndipo mnyamata anadandaula kwambiri. Beringi yaikulu titatsegula chivundikiro inali yoyera. Dowel anatipangira, seal yatsopano, pilot yatsopano, oyilo watsopano. Dzulo ndatsika Golomoti n'kukweranso ndi matumba makumi awiri, kulira kuja kulibe, rivesi ikulowa ndi zala ziwiri ngakhale m'mawa. Chokhacho, ndikaika nyutulo injini itatentha ndikumva kaphokoso kakang'ono ngati njere m'chitini, ndikaponda kilatchi kamasiya. Kale mwina kanalipo koma sindinkamvetsera.

Che Saidi: Mwaona? Ndinanena ine.

Kondwani wa ku Joni: Dikirani Che Saidi. Bambo a Chisomo, kakamveka onjezerani moto pang'ono, injini ikwere kuchoka pa idle. Kakasowa, ndi mano a magiya akugundana chifukwa dizilo pa idle imazungulira modukizadukiza, ndipo oyilo akatentha amapyapyala. Beringi yodwala mukawonjezera moto kulira kwake kumakwera nawo, sikusowa.

Bambo a Chisomo: Ndangoyesa pano pabwalo. Ndikangogusa moto pang'ono kakutha.

Madala Mbewe: Yendani nayo. Mukakwanitsa makilomita 5,000 mudzatsegule pulagi mutijambulire maginito, Che Saidi adzaone ndi maso awo.

Mavuto wa Vigo: Abale ndatsegula yanga ija. Oyilo wa mu transfer watuluka ngati thobwa. Ndiyambire pati?